Msewu Umene Galimoto Imadya Isanaime

"Lowa pakati, iwe! Ukuima m'mphepete ngati nsombayo waba? Ikweze m'mwamba aione!"

Esitere anakuwa ali chikhalire pa benchi yake ya nsomba, mwendo wake wa bondo lotupa atautambasulira pa dengu. Liness, mwana wake wamkazi, anasendera pang'ono mpaka chala chachikulu chinakhudza phula, nkukweza mpasa ndi dzanja limodzi. Minibasi yoyera inatulukira pakhona, inawadutsa ndi mphepo yake yomwe, nkhope zili mbuu pamawindo. Inapitirira, inapitirira, nkukaima pansi pa mtengo wa mango wa Madina, mayi mnzake wogulitsa nsomba.

"Yachinayi imeneyo," anatero Esitere. "Kuyambira m'mawa, yachinayi."

Anamuona Madina akudzuka mwaulemu wake, akukonza mpango, akunyamula nsomba ziwiri kupita nazo pawindo. Osathamanga, osakuwa. Minibasi zinkangomupeza ngati ana obwera kwa make.

Chinali chaka chachiwiri chilowereni matipate. Kale pamsewu wochokera ku Dwangwa uwu basi inkadutsa mwa apo ndi apo, koma tsopano aliyense wopeza kangachepe ankagula minibasi, ndipo aliyense wokhala ndi chogulitsa ankakhoma benchi pamene wafuna. Ukamufunsa yankho linali limodzi: "Ndi demokalase." Esitere anakhoma yake kum'mwera kwa mtsinje wa Bua, pamene msewu umawongoka ukatuluka m'dambo la mpunga. Anasankha dala malo oyambirira, kuti anthu opita kuboma ndi ku Lilongwe aziyamba kuona nsomba zake asanaone za wina aliyense. Madina, amene anabwera mochedwa, anakakhala kutsogolo, m'mphepete mwa munda wake, pansi pa mango amene anabzala malemu mwamuna wake. Tsiku limenelo Esitere anamuseka. Tsopano kuseka kuja kunali kutatha.

Nsomba ankabwera nazo Lenard, mlongo wake wa Esitere, kuchokera kumene Bua amathira m'nyanja, dzuwa lisanakwere. Koma mpasa wauwisi ndi wa tsiku limodzi. Akafika masana osagulidwa, maso amalowa m'kati, ntchentche zimaitanizana msonkhano, ndiye chotsala ndi kuwamba basi, ndipo mtengo wake umathyoka pakati. Sabata yonseyo Esitere anakhala akuwamba. Zovala zake zonse zinkanunkha utsi.

"Ali ndi mankhwala mayi ameneyu," anatero, akuloza mango ndi mlomo.

"Mwina zawo n'zazikulu," anayankha Liness.

"Zazikulu kuti? Amagula kwa Lenard yemweyo, zimene ine ndasiya. Vuto ndiwe. Ukuopa msewu. Dalaivala ndi munthu, ali ndi maso. Galimoto ili ndi mabuleki. Akakuona pakati penipeni aima, afune asafune."

"Amayi, zimabwera mothamanga."

"Nanga njala imabwera ikukwawa? Pakanapanda bondoli ndikanakuonetsa. Bwera naye kuno mwanayo, upite."

Liness anamasula mbereko, nkupereka Maganizo, khanda lake la miyezi isanu ndi iwiri, m'manja mwa agogo ake. Anasankha nsomba yaikulu kuposa zonse. Kukhona kunamveka kulira kwa injini.

"Ndi imeneyo! Pakati, ndati pakati!"

Liness analowa mpaka pa mzere woyera, nkukweza nsomba ndi manja awiri.

Sinali minibasi. Inali lole yodzaza matumba a shuga mpaka pamwamba. Hutala inalira, kenako matayala anayamba kulira kuposa hutalayo. Utsi wakuda unatuluka pansi. Esitere anadikira kuti iime, chifukwa galimoto ili ndi mabuleki, koma lole inangobwerabe, matayala atauma, ikukhululuka pa phula ngati ng'ombe imene ikukokedwa ndi chingwe. Liness anauma nayenso, nsomba ili m'mwamba.

"Thawa!"

Mawuwo anatuluka ngati si ake. Liness anataya nsomba nkudziponya mu ngalande. Lole inadutsa pamene anaima paja, inadutsanso benchi, nkukaima patsogolo pang'ono, ikupuma ngati munthu.

Bondo lija Esitere analiiwala. Anafika pa ngalande mwana ali kumanja. Liness anali chikhalire m'matope, chigongono chitasupuka, koma wamoyo. Esitere anamugwira mutu, mapewa, miyendo. Ataona kuti palibe chathyoka, mantha onse anasanduka ukali, ndipo ukaliwo unkafuna mwini wake.

Mwini wakeyo anali akutsika m'lole. Anali bambo wachikulire wa ndevu za imvi, chisoti choyera chili kumutu. Milomo yake inkayenda, akuthokoza Mulungu m'Chiarabu.

"Mukufuna kundiphera mwana?" Esitere anamulandira ndi mawu amenewa. "Maso munasiya ku Dwangwa? Mabuleki munagulitsa?"

"Mayi, ine ndine Abdulhamid. Ndayendetsa lole zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, sindinaphepo ngakhale mbuzi. Ndingofunsa chimodzi. Wamuimika mwanayu pakati pa msewu ndani?"

Liness anangoyang'ana mayi ake.

"Ndine," anatero Esitere. "Nanga msewu si wa tonse masiku ano? Inu ntchito yanu ndi kuima."

Bamboyo anamukodola. "Mupatseni make khandalo. Tiyeni tiyende."

"Kupita kuti? Ine ndili pa malonda."

"Apa pomwe. Mukuiona mizere yakudayi? Ndi matayala anga. Iwerengeni ndi mapazi anu, kuchokera pamene lole yaima mpaka pamene yayambira."

"Ine kusukulu ndinangodutsa pakhomo."

"Nsomba mumawerenga?"

"Ndani angandibere nsomba ine?"

"Ndiye werengani mapazi ngati nsomba."

Esitere anafuna kukana, koma anthu anali atayamba kusonkhana, Madina ali pomwepo, ndipo sanafune kuoneka ngati woopa. Anayamba kuyenda m'mbali mwa mzere, akutsimphina, akupinda chala chimodzi akakwanitsa khumi. Pa chala choyamba anali pa nsomba ija, itasanduka chikopa pa phula. Anaidutsa. Mizere inatha atapinda zala zisanu ndi zitatu.

"Makumi asanu ndi atatu."

"Apa ndi pamene phazi langa linafika pa mabuleki," anatero Abdulhamid. "Koma mwana wanu sindinamuone ndili pano. Ndinamuona ndili uko, ndikutuluka pakhona."

"Ndiye munkadikira chiyani? Kuti akulembereni kalata?"

Anthu ena anaseka. Bamboyo sanaseke.

"Diso likaona limauza mutu. Mutu umauza mwendo. Mwendo uchoke popondera moto, upite pa mabuleki. Tanenani dzina la mfumu ya kuno, Malengachanzi."

"Mukundiyesa wamisala?"

"Nenani chabe, mayi."

"Malengachanzi."

"Basi. Nthawi imeneyo ophunzira amati sekondi. Ine ndinali pa liwiro la eyite. Pa eyite, munthu akamanena Malengachanzi kamodzi, lole imakhala itadya kale mapazi anuwo makumi atatu, dalaivala asanachite kalikonse. Umenewo ndi msewu wa diso. Susiya mzere, n'chifukwa chake anthu oima pansi sauona. Wakudawu ndi msewu wa mabuleki. Phatikizani."

"Zana limodzi ndi khumi."

"Mwana wanu anali pa zana."

Esitere anatembenuka kuyang'ana kumene anachokera. Khumi lotsalalo linali pakati pa nsomba yophwanyika ija ndi matayala a lole. Koma sanali munthu wosiya mawu omaliza kwa wina.

"Nanga mukanabwera pang'onopang'ono ngati munthu?"

"Pa fote, theka la liwiro langa, diso limadya khumi ndi asanu. Mabuleki makumi awiri okha."

"Mwanama! Theka la makumi asanu ndi atatu ndi makumi anayi. Ine simungandipusitse."

Apa ndiye bamboyo anaseka koyamba. "Diso ndi lachilungamo, mayi. Liwiro kawiri, nalonso kawiri. Koma mabuleki si amalonda achilungamo. Ukawirikiza liwiro kawiri, iwo amalipiritsa kanayi. Mvula ikagwa amakwezanso. Matayala akakhala osalala ngati a maminibasi anuwa amakwezanso. Ndipo sanenerera."

Anabwerera ku lole. Atagwira chitseko, Esitere anamuitana.

"Nanga nsomba yanga mwaipondayo?"

"Nsomba yafa kawiri, mwana wanu sanafe ngakhale kamodzi. Mukufunanso chiyani?"

Masana amenewo anaweruka msanga. Kunyumba Esitere anatenthetsa madzi, anathiramo mchere, nkuyamba kutsuka chigongono cha Liness. Ankatsuka mwamphamvu ngati akukwecha mphika.

"Amayi, mukundipweteka."

"Khala chete, balali lingachite mafinya."

"Ine ndikupita ku Dwangwa kwa bambo ake a Maganizo," anatero Liness, maso ali pansi. "Kachipinda kawo n'kakang'ono, koma tikakwana. Bola ndikapalire nzimbe. Pamsewu paja sindipondanso."

Tsiku lina lililonse Esitere akanamuyankha mpaka nkhuku zikanathawa pabwalo. Akanamukumbutsa amene anamulera yekha chimwalirireni bambo ake. Koma uku kunali kulankhula kwa munthu amene wamanga kale mtolo mumtima. Ndipo popanda Liness benchi inali yakufa, chifukwa iye ndi bondo lakelo sakanatha kusenza dengu kuchokera kumene Lenard amakocheza.

"Ndani wati uponde?" anatero. "Undipatse masiku atatu."

"Achiyani?"

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Za mdala uja ndazimva. Tsopano ndikufuna ndizione ndi maso anga."

M'mawa mwake anadula nsungwi yaitali, anamangirira mpasa kunsonga kwake, nkuizika kuseri kwa ngalande, itapendekera kumsewu. Anamukhazika Liness kutali, pansi pa chitsamba. Iye anakhala pa benchi, chimanga chodzaza dzanja chili pa chitenje.

Minibasi yoyamba itatulukira, Esitere sanayang'ane dalaivala. Anayang'ana anthu. Anthuwo nsomba ankaizindikira atafika kale pa nsungwi. Mayi wina wapawindo anatembenuza mutu, analoza. Galimoto inadutsa.

"Malengachanzi, Malengachanzi…"

Anaona mkono wa kondakitala ukutuluka pawindo, ukumenya denga.

"…Malengachanzi, Malengachanzi."

Magetsi ofiira akumbuyo anayaka galimoto ili pa chulu cha m'mbali mwa msewu. Inayamba kufooka, kufooka, nkukaima pa mango.

"Amayi, mukupemphera?" anafunsa Liness.

"Ndikugwira wakuba."

Anawerenga minibasi zisanu ndi imodzi. Ina anawerenga katatu, ina kasanu, zambiri kanayi. Anaona kuti mu minibasi msewu wa diso ndi wautali kuposa wa mdala uja, chifukwa diso si la dalaivala. Diso ndi la wokwera. Wokwerayo ayambe waganiza ngati kunyumba kuli ndiwo, auze kondakitala, kondakitala amenye denga, dalaivala amve pamwamba pa wailesi yake, ndiye mwendo unyamuke. Kanayi. Kanayi ka makumi atatu.

Anatenga ndodo nkuyamba kuyenda m'mphepete mwa msewu, kuseri kwa ngalande. Khumi lililonse ankaponya njere ya chimanga pa mfundo ya chitenje. Pa chulu anaima nkuwerenga njere. Khumi ndi ziwiri. Mapazi zana limodzi ndi makumi awiri, ndendende mmene anaganizira ali chikhalire.

Kuchokera pa chulu mpaka pa mango njere zinakwana khumi ndi imodzi. Poyamba zinamusokoneza, poti lole yolemera ija inaima pa makumi asanu ndi atatu. Kenako anazindikira kuti mdala uja anaponda ngati wopulumutsa moyo, pamene wa minibasi amaponda mwaulemu, kuopa kuswa mazira a anthu ndi kugundanitsa mitu.

"Mwataya chiyani, amake Liness?" anafunsa Madina, akuingitsa ntchentche ndi kanthambi. Pa benchi yake panatsala nsomba zitatu zokha. "Singano? Tikuthandizeni kufuna."

"Ndikuyeza munda wanga umene ena akukolola."

"Ii, munda pa phula? Mubzala chiyani, misomali?"

"Mudzaona zikamera."

Pobwerera, minibasi ina yokalamba, yoyenda ngati yodwala, inaona nsungwi nkuima isanafike ndi pa chulu pomwe. Liness anagulitsa nsomba ziwiri. Esitere anangogwedeza mutu. Zinali monga ananenera mdala uja: liwiro lochepa, msewu wochepa.

"Si mankhwala," anamuuza Liness atakhala pansi. "Mankhwala ake ndine. Miyezi iwiri yonseyi ife takhala tikuwinga mbalame, iye akutchera msampha kumene zikukatera. Mapazi mazana awiri ndi makumi atatu."

"Ndiye tisunthe nsungwi ibwerere m'mbuyo mapazi omwewo. Ziziima pano."

"Ukuganiza kuti sindinaganize? Khona lili pa zana. Kupitirira apo ndi dambo, madzi m'mawondo, bango kubisa chilichonse. Uzika pati?"

"Ndiye tisunthe benchi."

"Kumene zimaimako ndi m'munda mwa Madina. Mbali yonse ija."

"Mukawapemphe."

"Ine? Ndikapita wopempha andipatsa pa dzuwa, kumapeto, ngati galu. Ayi. Abwere yekha."

Tsiku lachiwiri nsungwi sanaizike. Nsomba anaziphimba ndi masamba a nthochi, iye nkukhala pa benchi manja ali pamiyendo ngati mlendo wa pa ukwati.

"Amayi, ziwonongeka."

"Tiwamba. Lero sitikugulitsa, tikugula."

Minibasi yoyamba inadutsa pa benchi, inadutsa pa chulu magetsi osayaka, inadutsa pa mango ngati palibe munthu. Yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu Madina anaimirira nkukweza nsomba. Galimoto inakaima kutali, kuthengo kopanda munthu. Madina, ndi thupi lake lija, anayesa kuthamanga dengu lili m'manja, koma asanafike ndi pakati pomwe kondakitala anamenya denga, galimoto nkunyamuka.

Esitere anaseka mpaka misozi. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mawa tichitanso. Mkuja abwera akukwawa, ndimuuza ine mtengo."

Dzuwa linafika pamutu. Madina anali asanagulitse ngakhale imodzi. Esitere ankamuyang'anabe, akutafuna chinangwa. Anamuona akusankha nsomba yaikulu. Anamuona akuwoloka ngalande. Anamuona akuima m'mphepete, kenako akusendera, chala chikukhudza phula. Minibasi inadutsa. Madina anayang'ana nsomba zake, anayang'ana dzuwa, nkusenderanso. Tsopano mapazi onse awiri anali pamsewu.

Chinangwa chinamuwawa m'kamwa Esitere. Ankadziwa chimene chinali m'mutu mwa mnzakeyo, chifukwa chinali m'mutu mwake dzana lomweli. Dalaivala ndi munthu. Galimoto ili ndi mabuleki.

"Amayi," anatero Liness chapansipansi.

"Ndaona."

Anatenga ndodo. Mapazi mazana awiri ndi makumi atatu sanakhalepo ataliatali chonchi. Anayamba kukuwa ali pa chulu.

"A Madina! Chokani pamenepo! Chokani, ndati!"

Madina anatembenuka, koma sanasunthe. "Msewu ndi wanu? Mwandilodza, tsopano mukufuna kundilamulanso?"

Kumbuyo, kukhona, injini inalira. Esitere anataya ndodo, anawoloka ngalande, anamugwira Madina pa chitenje cha m'chiuno nkumukoka ngati akukoka khoka. Onse awiri anagwera pa udzu. Galimoto yonyamula matumba a mpunga inadutsa hutala ili pakamwa, dalaivala akutukwana mawu amene mphepo inapita nawo.

"Mwandithyola msana, mfiti inu!"

"Msana umapola. Dzana munalipo kapena munatuma maso okha? Simunamve mdala uja?"

"Ndinamva mukunena Malengachanzi ngati mwana wa sukulu."

"Ndiye khalani pansi, mwana wa sukulu akuphunzitseni."

Anamasula mfundo ya chitenje nkuyala njere za chimanga pa benchi ya Madina, khumi ndi ziwiri mbali ina, khumi ndi imodzi mbali ina. Anafotokoza zonse, za wokwera, za kondakitala, za magetsi ofiira pa chulu. Akulankhula ankadziwa kuti akutaya. Chinsinsi chimene akanachigulitsa mkuja pa mtengo wake, anali kuchipereka lero chaulere. Zinamuwawa ngati dzino.

Madina anaziwerenganso njerezo. Sanali wopusa.

"Ndiye kuti galimoto zimaimitsidwa uko, zimaima kuno."

"Mwamva tsopano."

"Ndiye nsungwi ndikhoza kuzika ndekha."

"Zikani. Pati? Pamalo panga? Muyambe mwandikwirira."

"Chabwino. Bwerani ndi benchi yanu. Koma mango ndi anga, mthunzi ndi wanga. Galimoto ziwiri zanga, yachitatu yanu."

"Mthunzi lero unalipo. Waimitsa zingati?"

"Anabzala ndi malemu amuna anga mtengowu."

"Mulungu awasunge. Koma sanabzale minibasi. Imodzi yanu, imodzi yanga."

"Ha! Munthu wobwera kudzapala moto akufuna ndi mafuwa omwe."

"Moto wake uti? Wazima kuyambira m'mawa. Nunkhizani dengu lanulo."

Madina ananunkhizadi, nkukwinya mphuno. "Imodzi imodzi. Koma nsomba ya pa nsungwi imapsa ndi dzuwa. Imeneyo ndi yanu."

"Lero yanga, mawa yanu."

"Lachisanu ine ndimapita ku mzikiti. Muzindigulitsira."

"Lamulungu inu muzindigulitsira ine. Ndipo musamachotsere anthu mtengo ngati mukugawa sadaka. Ndimakuonani."

"Inu mumalankhula ndi ogula ngati akuberani nkhuku."

"Amagulabe. Chatsala chimodzi, ndipo ichi sindinenerera." Esitere analoza ngalande. "Apa ndi malire. Inu, ine, Liness, mdzukulu wanu, aliyense. Galimoto isanaime chiimire, palibe wowoloka. Wowoloka, benchi yake ichoke."

"Ngakhale ndi ine mwini mango?"

"Makamaka inu. Ndinu wolemera, sindingakukokeni kawiri."

Madina anaseka, akudzisisita pamsana. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma inu simutsina, mumazula."

Madzulo ake Esitere anawamba dengu lonse, theka la nsomba za Madina lili pomwepo, poti nkhuni zinali za Madina yemweyo. Mtolo wa Liness unali pakona la nyumba, womanga kale.

Tsiku lachitatu Lenard anathandiza kunyamula benchi kupita nayo pa mango. Esitere anatola miyala nkuindanditsa m'mbali mwa ngalande, kuti wina asadzanene kuti malire sanawaone. Nsungwi inazikidwa pamalo akale. Liness anakhala chapatali ndi nsungwiyo, pa mphasa, ntchito yake kungoingitsa agalu ndi akhwangwala.

Injini inalira kukhona. Minibasi yobiriwira inatulukira, inadutsa nsungwi. Milomo ya Esitere inayamba kuyenda yokha. Atanena kachinayi magetsi sakanawaona, poti tsopano anali kutsogolo kwa galimoto, koma anaona mphuno yake ikugwa pang'ono pa chulu. Inafooka, inafooka, nkudzaima chitseko chili pamaso pake penipeni.

"Yoyamba ndi yanu," anatero Madina. "Dzukani, nanga mukudikira kalata?"

Esitere sanadzuke msanga. Anayamba wayang'ana kumene kunali nsungwi. Liness anali chikhalire pa mphasa, akuyamwitsa Maganizo, ngalande yonse ili pakati pa iye ndi phula. Mbereko imene anayala pansi inali ija ya maluwa ofiira, imene dzulo inali chomangira mtolo.

Anadikira mpaka matayala ataima chiimire. Kenako anatenga nsomba ziwiri, anawoloka miyala ija, nkufika pawindo.

"Mayi, yaikuluyo mutichotsereko," anatero bambo wina wa tayi.

"Kuchotsa? Bambo, mukudziwa mtunda umene nsomba iyi yayenda kuti ikupezeni? Gulani kapena musiyire anzanu, dalaivala akufulumira."